Wapopedwayo Dzina Lake Ndani?

Bwerani muime apa, pafupi ndi mbaula ya mayi wa tiyi, mphepo ya Juni ingakuloweni m'mafupa. Pano ndi pa Chinkhoma, m'mphepete mwa msewu wa M1, ndipo msika wa fodya uli mkati. Malole andanda kuyambira pageti la okushoni mpaka kumene maso alekezera, mabelo ali tho pansi pa matenti. Fungo la bale likuyabwa m'mphuno, moti mlendo amayamba wayetsemula asanapereke moni. Madalaivala ndi eni mabelo ena agona pano mausiku atatu kudikira kuti lole yawo itsitse. Munthu wodikira, mukudziwa inu, makutu ake amakhala pululu. Chilichonse chimalowa.

Pabenchi pali mkulu wa chipewa cha mlaza, zala zake zili bii ndi fodya, ndipo m'thumba la jekete mukusuzumira pepala lopindidwa kanayi. Pambali pake pali aphunzitsi opuma ntchito, amene choko anasinthanitsa ndi khasu, akuviika sikono mu tiyi mwaulemu wonse. Kumapeto kwa benchi, atakhalira thako limodzi ngati munthu wosaitanidwa, kuli bambo wochepa thupi wolankhula Chichewa chonunkhira Chilomwe. Kwawo ndi ku Phalombe, wangoperekeza mabelo a bwana wake. Lamulo linathetsa utenanti mu 2021, koma mukamufunsa ntchito yake akuuzani kuti ndi tenanti.

Kenaka njinga yamoto inafika, fumbi koboo. Mnyamata wa kabaza sanazimitse n'komwe injini. Anangotsika foni ili m'mwamba ngati wanyamula khala la moto.

"Masiteni, madala, mwaimva iyi? Yalowa m'bandakucha."

Anadina. Munamveka mawu a bambo wina, otsika, opumira m'mwamba, kumbuyo kwake tambala akulira. "Abale anga, uthenga uwu musausunge, tumizani kwa aliyense amene mumamukonda. Anthu aja abweranso. Akuyenda pagalimoto yoyera yopanda nambala. Usiku wathawu apopa mayi wina ndi mwana wake pamudzi wina cha kumalire. Apolisi akudziwa koma awauza kuti akhale chete. Mukaona mlendo wa chikwama kumbuyo musamusekerere."

Chikombe cha mayi wa tiyi chinaima m'malere, shuga akuyoyokera pansi. Mkulu wa chipewa anagwedeza mutu pang'onopang'ono, monga amachitira munthu amene wamva zimene amayembekezera kale. Bambo wa ku Phalombe anakankhira kachikwama kake kunsi kwa benchi ndi chidendene. Kachitidwe kameneko ndinakaona ine ndekha, ndipo mpamene ndinaitanitsa kapu yachiwiri, ndi kusendera pafupi.

Aphunzitsi anamaliza kutafuna kaye. "Mwanawe, tabwerezanso."

Inabwerezedwa.

"Wapopedwayo dzina lake ndani?"

"Sanatchule, madala."

"Mudzi?"

"Akuti cha kumalire."

"Malire ake ati? A Zambia? A Mzimba? A Dowa kapena a Mchinji? Kasungu ali ndi malire ambiri. Nanga wolankhulayo ndi mwana wa yani?"

"Yangobwera pagulupu ya makabaza. Anaiponya mnzathu, nayenso akuti anaitenga pagulupu ya kwaya."

"Ndiye galimoto yopanda nambala yadutsa marodibuloko onse a mumsewu uno, pamene iwe amakuimika tsiku ndi tsiku chifukwa cha chipewa chokha?"

Anthu anaseka, mnyamatayo naye anaseka uku akukanda m'mutu. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepa. Koma mkulu wa chipewa sanaseke. Anaika kapu pansi, napukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Aphunzitsi, inu munaphunzira, ife ayi. Koma tandiuzeni chimodzi. A Gadama anafa pangozi ya galimoto?"

Panangoti zii. Makala okha ndi amene ankathetheka m'mbaula.

Achinyamata mwina dzinali simulidziwa. A Aaron Gadama anali mwana wa kuno ku Kasungu, nduna ya chigawo chapakati. Mu Meyi 1983, iwo pamodzi ndi a Dick Matenje, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anapezeka atafa ku Thambani, m'boma la Mwanza, ndipo dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya pamsewu. Anthu ankanong'onezana zina, chitseko chitapiringidzidwa, ana atagona. Wonena poyera akanaona zakuda. Patapita zaka zoposa 11, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Jasitisi Mtegha linapeza kuti anthu anayiwo anaphedwa ndi apolisi, ndipo ngoziyo inali yochita kukonza. A Kamuzu Banda ndi a John Tembo anazengedwa mlandu mu 1995, khoti silinawapeze olakwa. Koma zoti anayi aja anachita kuphedwa, palibenso amene amatsutsa.

Mkuluyo anayamba kupinda zala, chimodzichimodzi, kuyambira chakanise. "A Bingu anamwalira pa 5 Epulo 2012, boma likutiuza kuti akulandira chithandizo ku South Africa. Anatiululira pa 7. Chimanga cha m'nkhokwe za boma, chija chinagulitsidwa ife n'kumadya zitsa za nthochi mu 2002, inali mphekesera? Cashgate inali mphekesera? Tippex inali mphekesera? Nanga kamwana kachialubino kanabedwa usiku kuno kwathu mu 2016, mayi ake ali mtulo, kenaka n'kupezeka mafupa okha paphiri? Titayamba kunena kuti pali anthu akusaka mafupa a anzawo, ophunzira ena ankati ndi zikhulupiriro za kumudzi." Zala zinatha. Anatambasula chikhatho chopanda kanthu pamaso pa aphunzitsi. "Ndiye lero mukuti ndikhulupirire yani?"

Ine mkulu ameneyu sindimuseka, ndipo amene amamuseka sanakhalepo pabenchi ngati iyi. Kukhulupirira kwake za anamapopa si chifukwa choti mutu wake ndi wopepuka. Mutu umenewu umasunga mtengo wa thumba la feteleza wa zaka khumi zapitazo, umadziwa tsiku lofesa nazale poyang'ana mitengo ya m'tchire, umawerengera ngongole mofulumira kuposa kakyuleta. Vuto ndi loti mkuluyu ananamizidwapo ndi anthu ovala tayi, osati kamodzi, ndipo nthawi zingapo manong'onong'o a pachitsime ndi amene anadzapezeka oona. Munthu wotere ukamuuza kuti "boma latsutsa," wamupatsa umboni wina woti nkhaniyo ilipo. Chimanga chija chinalidi matani oposa 160,000, ndipo njala itafika nkhokwe zinali mbee. Chisankho cha Tippex chija cha Meyi 2019 khoti linachithetsadi pa 3 Febuluwale 2020. Pamlandu wa kuphedwa kwa mnyamata wachialubino wa ku Machinga, amene khoti linawapeza olakwa mu 2022 panali wansembe, wapolisi ndi wachipatala. Wansembe, wapolisi, wachipatala: anthu atatu enieni amene timathamangirako zinthu zikavuta. Mukati mkuluyu adzikhazike mtima pansi, audzikhazike pa chiyani?

Ndiye anasolola pepala lija m'thumba, seloshiti ya mabelo ake oyamba, nalitambasula pabondo. Linali litafewa ndi thukuta. Chala chakuda chija chinayamba kutsika mzere ndi mzere.

"Apa ndi pamene fodya wanga anagulidwa. Taonani, ndalama ndithu, ya madola. Apa adula ngongole ya feteleza ndi mbewu. Apa thiransipoti. Apa chiguduli. Apa msonkho. Apa za okushoni. Apa za bungwe. Apa sindikudziwa kuti n'chiyani, ndinafunsa, anangoti ndi mmene zimakhalira." Chala chinafika pansi penipeni, pa kanambala kakang'ono. "Iyi ndiye yanga. Miyezi isanu ndi inayi, ine, mayi a kunyumba ndi ana. Kuthirira nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda pajeke. Tsopano aphunzitsi, kupopa kumene mukukana inu ndi kotani? Uku si kupopa?"

Mayi wa tiyi anati, "Eee, apo ndiye mwalasa."

Analasadi. Mlimi wa fodya amakhala m'dziko limene zinthu zazikulu zonse zimagamulidwa kumene iye kulibe. Mtengo amaupanga anthu amene sanawaonepo, m'chinenero chimene samva, pa ndalama imene saigwira m'manja. Ogula akuluakulu ndi owerengeka, ndipo kukayikira koti amapangana mitengo si kwa pabenchi pokha: mu Sepitembala 2009 a Bingu wa Mutharika anathamangitsa m'dziko muno akuluakulu anayi a makampani ogula fodya powanena kuti akugula pansi pa mitengo imene anagwirizana. Belo limatha kubwezedwa popanda wokufotokozera bwinobwino chalakwika. Munthu amene thukuta lake limalowa pageti n'kutuluka lili kanambala kakang'ono, ukamuuza kuti kunja kuno kuli anthu obisika amene amatenga za m'thupi mwa osauka kukagulitsa kunja, sadabwa. Nkhaniyo amaimva ngati yachibale. Imafanana ndi moyo wake.

N'chifukwa chake mphekesera ya magaziyi simabwera nthawi ya mwanaalirenji. Taiyang'anani kayendedwe kake. Pakati pa 1968 ndi 1970, anthu akuphedwa usiku ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, kunamveka zoti magazi awo akupita ku South Africa kukabweza ngongole, ndipo inalidi nthawi imene dziko la azungu atsankho lija linatikongoza ndalama zomangira likulu ku Lilongwe. Kumapeto kwa 2002, njala ili pakhosi, kunamveka zoti boma likusinthanitsa magazi ndi chimanga cha thandizo. Mu Januwale 2003 a Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF mumzinda wa Blantyre, anagendedwa powaganizira kuti akusunga anamapopa, ndipo mtolankhani Maganizo Mazeze anamangidwa chifukwa choulutsa mawu a munthu wonena kuti anapopedwa. Kumanga mtolankhani kunangothira mafuta pamoto. Mu 2017, dziko likungochoka m'njala ina, nkhaniyi inabuka ku Mulanje ndi Phalombe, anthu osachepera 9 anaphedwa, bungwe la United Nations linachotsako antchito ake. Mu 2020, chisankho chitathetsedwa, matenda a Covid-19 ali pakhomo, ku Zambia anthu akuphana pa nkhani ya opopera mpweya woipa m'nyumba, inafika kuno kwathu ndi m'maboma ena a pakati ndi kumpoto. Ndipo si yathu yokha. Ku Mozambique amati chupa-sangue, ku Zambia nthawi ya atsamunda ankati banyama. Kulikonse kumene munthu wosauka amaona kuti akuyamwidwa koma woyamwayo sakumuona nkhope, nkhaniyi imamera ngati bowa pachulu.

Aphunzitsi anatenga seloshiti ija, naiyang'ana nthawi yaitali atatalikitsa dzanja chifukwa magalasi anaiwala kunyumba. Anaibweza ndi manja awiri.

"Achimwene, zonse mwanenazi ndi zoona, sindichotsapo ngakhale chimodzi. Koma tamverani. A Gadama ali ndi dzina. Tsiku lilipo, malo alipo, manda alipo, apolisi anakaima pamaso pa bungwe lija n'kufotokoza. Cashgate ili ndi macheke, ili ndi anthu amene anakalowa kundende. Tippex tinaiona ndi maso pamapepala. Pepala lanuli nalo lili ndi manambala, tikhoza kupita nalo kwa wodziwa n'kufunsa mzere uliwonse. Chiwembu chenicheni ukachikumba umapeza fupa. Tsopano anamapopa tawasaka kuyambira nthawi ya Chilobwe. Ndani anagwirapo paipi yake? Chigubu cha magazi chinapezeka m'nyumba ya yani?"

"Amagwiritsa ntchito zamatsenga," mnyamata wa kabaza anatero, koma mawu ake anali atatsika.

"Ndi pamenepo. Nkhani yoti ukafunsa umboni amati umboniwo unasowa mwamatsenga, ukafunsa apolisi amati apolisi anadyetsedwa, ukafunsa dokotala amati dokotala ali momwemo, ukakayika iwe amati nawenso ndiwe mmodzi wa iwo, nkhani imeneyo yatseka makomo onse. Ilibe polowera." Anatembenukira kwa mkulu uja. "Inu, wogula akafika pabelo lanu mkatimu, amagula poona chiguduli?"

"Ayi. Amapisa dzanja pakati, n'kusolola."

"Chifukwa?"

Mkuluyo anamwetulira koyamba. "Chifukwa alipo ena amaika fodya wabwino pamwamba, pakati n'kubisapo zinyalala."

"Voisi iyi pamwamba yaika zoona: kuti tinanamizidwapo, kuti apolisi ena amadya, kuti osauka alibe owamvera. Ndapisa dzanja pakati. Mulibe dzina, mulibe mudzi, mulibe tsiku."

Mkulu wa chipewa sanavomere, komanso sanakane. Anangopinda pepala lake kanayi, mmene linalili, nalibwezera m'thumba. Kwa ine kumeneko kunali kuyankha kokwanira. Munthu wamkulu sasintha maganizo pagulu ngati malaya.

Ndiye taonani amene akubwera apo. Njinga yakapalasa, yunifolomu ya mtundu wa mtambo, kumbuyo atamangirira kabokosi ka katemera ndi chingwe cha mphira, kumsana chikwama. Mlangizi wa zaumoyo, amene kumudzi timangoti adokotala. Maso onse anapita pachikwamacho, kenaka pakabokosi, kenaka pansi. Mwiniwake anaona. Anthu amenewa anazolowera kuwerenga nkhope.

"Kwagwanji? Mwandiyang'ana ngati ndabwera ndi ngongole."

Mayi wa tiyi ndiye anaphwanya chetecho. Anatsuka kapu, nathira tiyi wa mkaka, nampatsa atagwira pachigongono. "Khalani apa adokotala. Mnyamatayu wabwera ndi nyimbo ija ya 2020."

Anaimvera voisiyo mpaka kumapeto, osadula. Kenaka anamasula chingwe, natsegula kabokosi kaja pamaso pa onse. Munali timabotolo ta katemera wa ana ndi mapaketi a madzi oundana. Anatsegulanso chikwama: kaundula wa sikelo ya ana, kalamba koyezera mkono wa mwana wonyentchera, ndi chigumu chokulunga m'nyuzipepala. Mnyamata wa kabaza anasuzumira mpaka mphuno kutsala pang'ono kulowa.

"Madala," anatero mlangiziyo kwa mkulu wa chipewa, "mwaphapo mbuzi zingati?"

"Zosawerengeka."

"Magazi mukawakhetsera m'mbale, amakhala nthawi yaitali bwanji ali amadzi?"

"Aaa, pompopompo agwirana. Si ndiye uwende umenewo."

"A munthu ndi chimodzimodzi. Kuti asagwirane amafunika thumba lake lokhala ndi mankhwala mkati. A Malawi Blood Transfusion Service akamatenga magazi, munthu amagona pabedi, amamumanga mkono, amasaka mtsempha pali kuwala, singano yake ndi yaikulu, ndipo pamatenga mphindi ngati khumi kuti thumba limodzi lidzaze, losakwana n'komwe theka la lita. Akatero akawayeze HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi, awasunge m'firiji, ndipo pakatha masiku 35 osagwiritsidwa ntchito amatayidwa. Ndiye wina apope kudzera padenga, mumdima, munthu osadzuka, bala osaoneka, n'kuyenda nawo m'chigubu padzuwa la Kasungu? Akagulitsa kwa yani uwende umenewo?"

Apa ngakhale mkulu uja anaseka, mapewa akugwedezeka.

"Koma anthu amadzuka atafookadi," mayi wa tiyi anatero. "Ine ndinamuonapo mayi wina, maso ali mbuu."

"Amafookadi, sanama. Malungo amatha magazi. Njala imatha magazi. Njoka za m'mimba, likodzo, uchembere wapafupipafupi. Komanso munthu amene wagona ndi mantha mausiku asanu, mtima umathamanga, mutu umazungulira. Pena umadzidzimuka usiku, maso ali tong'o koma thupi likukana kusuntha, pachifuwa ngati pakhala munthu. Zimachitika, ndipo zimatha zokha pakamphindi. Mu 2017 bungwe la madokotala m'dziko muno linanena poyera kuti mwa onse amene anabwera kuchipatala akuti apopedwa, sanapeze ndi mmodzi yemwe wochotsedwa magazi."

"Nanga tindege tija?" mnyamata wa kabaza anafunsa. "Tija tinkauluka pabwalo la ndege paboma? Ankati timanyamula magazi."

Funso labwino, ndipo ndinakondwa kuti mlangiziyo sanalipeputse. Mu Juni 2017 boma ndi UNICEF anatsegula pabwalo la ndege la Kasungu malo oyeserapo tindege topanda woyendetsa, touluka mpaka makilomita 40 kuzungulira bwalolo. Chaka cha 2016 anali atayesa kale ku Lilongwe ngati tindegeti tingamafulumizitse kukafikitsa ku labotale timadontho ta magazi a makanda oyezedwa HIV, touma pakapepala. Ganizani tsono: kanthu kouluka kopanda munthu, kobwera ndi azungu, konyamula magazi a ana, ndipo patangotha miyezi itatu kumwera kwabuka anamapopa. Amene sanafotokozeredwe, akalumikiza zimenezi, mungamunene kuti ndi wopusa?

"Vuto lathu ife a zaumoyo ndi limenelo," mlangiziyo anavomera, akupukusa tiyi wotsala m'kapu. "Timafika pamudzi ndi galimoto, tibaya chala, tilemba m'buku, tinyamuka. Pena zotsatira sizibwerera. Munthu amatsala akudzifunsa kuti magazi anga apita kuti. Ukapanda kumuyankha iwe, amuyankha wa voisiyu." Anakumbutsa za Meyi 2021, pamene nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, mayi Khumbize Chiponda, amene analinso phungu wochokera kuno ku Kasungu, anatentha poyera katemera wa Covid-19 wokwana 19,610 amene anali atapitirira masiku, atolankhani akuona, kuti anthu asamati akubayidwa wowonongeka. "Anthu amakhulupirira chimene waonetsa. Chimene wangolengeza, ayi."

Nthawi yonseyi bambo wa ku Phalombe anali asanatsegule pakamwa. Analankhula akuyang'ana m'kapu.

"Ine za 2017 ndinali kwathu. Tinkagona panja mudzi wonse, amayi pakati, abambo m'mbali ndi zibonga. Wina akangokuwa, ndowa zimalira mpaka mudzi wachitatu. Ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse. Ndinaimako pamsewu, tinkagwetsa mitengo, kuimitsa galimoto, kusecha zikwama."

"Munawaona anamapopawo?" aphunzitsi anafunsa mofatsa.

"Sindinawaone. Aliyense ankati waona mnzake wa mudzi winawo." Anameza malovu. "Ndiye 2020 inandipeza kuno. Tsiku lina ndikuchokera kuchigayo madzulo, ndinasochera njira, ndinatulukira pamudzi wosandidziwa. Anyamata atagwetsa mtengo pamsewu, ngati mmene tinkachitira ife. Anati tayankhula. Nditayankhula anati uyu si wa kuno. M'chikwama munali tochi ndi botolo la madzi. Wina anati botolo ndi limeneli. Ndinaona mwala uli m'manja mwa mwana woti ndingamubale. Anandipulumutsa ndi agogo ena aakazi amene anati, ameneyu ndimamuona kutchalitchi, amakhala kumbuyo. Mawu amenewo basi. Akanakhala kuti tsiku limenelo agogowo anagona msanga..."

Sanamalize. Palibe anamufunsa kuti amalize.

Apa ndi pamene mtima wanga umaima pankhani imeneyi. Mkwiyo wa mkulu wa chipewa ndi woona, ndipo ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma taonani kumene mwala umakagwera. Amene anagulitsa chimanga chija sanagendedwe pamsewu wa kumudzi. Amene amalemba mizere ya paseloshiti sayenda wapansi usiku ndi botolo la madzi. Khoswe wa pamkhate sapheka. Ophedwa amakhala odutsa, amisala, akhunyu, ogulitsa zinthu m'midzi, munthu wosochera pochokera kuchigayo. Mu 2017 mmodzi mwa amene anaphedwa ku Blantyre anali munthu wodwala khunyu. Mu 2020 anthu osachepera 8 anaphedwa m'chigawo chapakati ndi kumpoto pamilungu yochepa. Mphekesera imatenga mkwiyo umene ukanapita kukafunsa za mzere wosadziwika uja papepala, n'kuutula pamutu pa wosauka mnzako. Ndipo mudzi ukagona panja milungu iwiri, fodya m'chigafa amaola, ana sapita kusukulu, mlangizi saponda pamudzipo, mwana wa malungo amafera pakhomo.

Mayi wa tiyi anathira tiyi wina m'kapu ya bambo wa ku Phalombe, osamufunsa, osawerengera. Kenaka anatembenukira kwa mnyamata wa kabaza, manja m'chiuno.

"Iwe, wanga woyamba ndi mmisiri womanga nyumba. Pano ali kwinakwake ku Mzimba, kumene sadziwika ndi munthu. Amayenda ndi chikwama kumbuyo, muli levulo ndi kapaipi kamadzi koyezera maziko. Kapaipi, wamva? Voisi yakoyo waitumiza kwa angati?"

Mnyamatayo anayang'ana foni, nayang'ana pansi. "Magulupu atatu, masiteni. Ndimangofuna anthu achenjere."

"Ndikudziwa. Tonse timatumiza chifukwa chokonda abale athu. Wopanga voisiyo amadziwanso zimenezo, n'chifukwa chake anayamba ndi mawu oti abale anga. Tsopano tumiza ina."

"Ndinene chiyani?"

"Funsa zimene afunsa aphunzitsi."

Anakhosomola, nayandikitsa foni pakamwa, chala chili pabatani. "Aise, ndi ine wa pasiteji ya Chinkhoma. Voisi ndinaponya m'mawa ija, amene akudziwa atiuze: wapopedwayo dzina lake ndani, mudzi wake uti, mfumu yake ndani. Mafuta ndithira ndekha, tipite ndi adokotala tikamuone. Ngati palibe akudziwa, tiyeni tiisiye kaye, tingapweteke munthu wosalakwa." Anachotsa chala. Kanapita.

Mlonda wa pageti anaimba likhweru, lole ya kutsogolo inalira, mzere wonse unasuntha pang'ono. Mkulu wa chipewa anadzuka, nakonza jekete, nagwira aphunzitsi paphewa. "Mawa mubwere ndi magalasi anu. Mzere uja tikaufunse limodzi." Mlangizi anamanganso kabokosi kake, nalunjika kumudzi kumene amayi anali akumudikira pansi pa mtengo ndi ana kumbuyo. Bambo wa ku Phalombe anasolola kachikwama kake kunsi kwa benchi. Ku esiteti ndi ulendo wa maola awiri wapansi, ndipo nthawi zonse amayenda. Tsiku limenelo anamasula mfundo ya kansalu, nawerenga ndalama zake kawiri, nakwera kabaza.

Ndinakhalabe pamenepo mpaka mnyamatayo atabwerako, dzuwa lili paliwombo. Ndinamufunsa ngati alipo wayankha. Anandionetsa foni. Ambiri anali atamvera. Wina anatumiza chithunzi cha manja opemphera, wina anati iwe wadyetsedwa, wina anati anamva kuti zachitikira ku Mchinji osati kuno. Dzina panalibe.

Ngati voisi imeneyi yafika m'foni mwanu ndipo dzina la wapopedwayo mukulidziwa, mnyamata uja akulidikira pasiteji ya Chinkhoma, mafuta athira yekha. Ngati simukulidziwa, chonde musaitumize. Bambo wa ku Phalombe uja ndalama ya kabaza inali ya tsiku limodzi, mawa ayendanso wapansi.